LAPUTOPU IKAMAKWAWA NGATI NKHONO, KODI MANKHWALA AKE NDI RAM BASI?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Kale laputopu tinkangoiona ndi mabwana a ku Capital Hill ndi azungu a m'mabungwe. Lero zinthu zasintha. Ngakhale kuno kwa Mayani, m'dera la Mfumu Tambala m'boma la Dedza, kabokosi kopindika aka kadafika kalekale. Mukapeza ndi anyamata owotcha nyimbo ndi mafilimu pamsika, aphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro ali pantchito, alangizi olemba malipoti a mwezi ndi mwezi, komanso ana athu a ku Bunda, Chanco, MUBAS ndi Mzuni akabwera ku holide.

Zambiri mwa laputopu zimenezi n'za kaunjika. Zina adatumiza achimwene a ku Joni, zina makolo adakagula ku Lilongwe atagulitsa matumba a kachewere, nyemba kapena soya. Koma dandaulo la eni ake n'limodzi: chinthuchi chikuchedwa. Ukachiyatsa, ukhoza kutereka madzi, kuphika tiyi, kumwa, n'kuchipeza chikadazungulirabe kampira kaja.

Ukangodandaula pagulu, yankho limabwera msanga: "Onjezerani RAM, achimwene!" Aliyense amatchula RAM ngati panado, yemwe ena amamwera mutu, m'mimba ngakhale chilonda chapaphazi. Nthawi zina uphunguwo umakhala woona ndithu. Koma nthawi zinanso munthu amagulitsa thumba la kachewere, kukwera kabaza, kukwera minibasi, kugula RAM, n'kubwera kunyumba laputopu ikukwawabe monga kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti kompyuta yomweyo ikadatha kumuuza ulere, m'mphindi zisanu zokha, ngati ikufuna RAM kapena ayi. Safunsa adadya phula.

NKHOKWE NDI LICHERO

Chisokonezo chimayambira pa mawu akuti "memory". Kuno kwathu munthu akati memory amanena kakhadi kaja timaika mufoni kosungira nyimbo ndi zithunzi. Tsono akamva zoti memory ya laputopu yadzaza, amayamba kufufuta zithunzi za ukwati ndi nyimbo za kwaya poganiza kuti zinthu ziyenda. Zithunzi zimapita, kuchedwa kumatsala.

Mu kompyuta muli malo awiri osiyana. Tiyerekeze ndi mayi amene akupeta chimanga. Chimanga chonse cha chaka chili m'nkhokwe. Imeneyo ndiye hadi disiki, momwe mumakhala mafayilo anu, nyimbo, mafilimu ndi Windows imene. Koma mayi sapetera m'nkhokwe. Amatapa pang'ono n'kuika m'lichero. Licherolo ndiye RAM: malo ogwirirapo ntchito ya nthawi yomweyo. Mayi mwiniyo, wa manja opeta, ndiye purosesa.

Lichero likakhala laling'ono pamene ntchito ili yambiri, mayi amangokhalira kuyendera kunkhokwe, kubweza ichi, kutapa icho. Nthawi yopeta imathera m'njira. Kompyuta imachitanso chimodzimodzi. RAM ikadzaza, Windows imatenga zina n'kukazisungiza pa hadi disiki, pamalo otchedwa page file, ndipo ikazifuna imakazitenganso. Vuto n'lakuti hadi disiki yakale ija yozungulira imachedwa koposa ka 100 poyerekeza ndi RAM. Pamenepo m'pamene mawusi imauma, sikirini n'kuyera, mwini wake n'kuyamba kutukwana.

Kusiyana kwina n'koti lichero silisunga kanthu usiku. Magetsi akangoduka, zonse za mu RAM zimafufutika. Amene adakhalapo m'chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, akudziwa ululu wake. Laputopu ya kaunjika yambiri batire lake lidafa kale, ndiye magetsi akathima lipoti lonse losasungidwa limapita nawo. Kwa munthu wotere, batire latsopano ndi chizolowezi chodina Ctrl ndi S pafupipafupi n'zofunika kuposa RAM ina iliyonse.

MAPULOGALAMU A LERO NGADYERA

Nanga bwanji laputopu imene inkathamanga bwinobwino zaka zapitazo lero ikulemedwa? RAM yake sidachepe. Akudya ndiwo adachuluka, ndipo mimba zawo zidakula.

RAM ya mtundu umene tikugwiritsa ntchito lero adaitulukira ndi katswiri wina wa kampani ya IBM ku America, Robert Dennard, m'chaka cha 1966. Kuyambira pamenepo yakhala ikukula, koma dyera la mapulogalamu lakhala likukula nayo limodzi. Mu August 1995, patangotha chaka ndi miyezi itatu tichitireni chisankho cha matipate cha 17 May 1994, kampani ya Microsoft idatulutsa Windows 95. Inkayenda ndi RAM ya 4MB yokha. Windows XP ya mu 2001 inkafuna 64MB. Windows 11, imene idatuluka mu October 2021, salola n'komwe kuiika pa kompyuta ya RAM yochepera 4GB. Poti 1GB ndi 1,024MB, ndiye kuti njala yakula koposa ka 1,000 m'zaka 26.

Ndipo 4GB imeneyo ndi yongoyambira. Windows yokha, musanatsegule chilichonse, imakhala itatenga kale theka kapena kuposa. Kenaka mumatsegula Chrome, tsamba la Facebook, la WhatsApp, la YouTube ndi ena khumi amene mudaiwala kutseka dzulo. Tsamba lililonse limafuna gawo lake. Muwonjezere Word, Excel ndi Zoom ya maphunziro. Zimakhala ngati nduna zolimbirana mipando pambuyo pa chisankho: aliyense akufuna wake, ndipo amene waupeza safuna kuusiya.

FUNSANI KOMPYUTA YOMWEYO

Musanapite kwa aliyense, chitani izi. Yatsani laputopu ndipo tsegulani zonse zimene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga mwa masiku onse. Musayeze itangoyaka kumene, chifukwa wodwala samuyeza mphamvu ali chigonere. Ikayamba kuchedwa, dinani mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Patuluka chotchedwa Task Manager. Pitani palembedwa Performance, kenaka Memory.

Pamwamba chakumanja muona kukula kwa RAM yanu yonse, kaya 4GB, 8GB kapena 16GB. M'munsi muli manambala angapo. Oyenera kuwadziwa ndi anayi.

Yoyamba ndi In use. Imeneyi ndi RAM imene mapulogalamu agwira pakadali pano.

Yachiwiri ndi Available. Iyi ndiye nambala ya golide. Ikukuuzani malo amene atsala, amene pulogalamu ina ingatenge nthawi yomweyo. Ngati pa nthawi ya ntchito yanu yolemetsa pakutsalabe 2GB kapena kuposa, RAM si imene ikukuchedwetsani, ndipo kuwonjezera ina n'kungotaya ndalama. Koma ngati tsiku lililonse ikumatsika kufika pa 300MB kapena 500MB, pamenepo licherolo lachepadi.

Yachitatu ndi Cached. Apa m'pamene ambiri amanamizidwa. Windows ikaona malo opanda ntchito mu RAM, imaikiratu zinthu zimene ikuganiza kuti muzifuna posachedwa, monga mayi wochenjera amasendezeratu dengu pafupi. Pulogalamu ina ikafuna malowo, imawapatsidwa nthawi yomweyo. Choncho kuona RAM ili pa 60 kapena 70 peresenti si matenda. Lichero lopanda kanthu silithandiza munthu. Chenjerani ndi timapulogalamu tija timalonjeza "kuyeretsa" RAM ndi batani limodzi. Timangokhuthula zimene Windows idasendeza pafupi, kenaka iyo n'kuyambanso kukazitenga kunkhokwe. Ndi malonjezo a pa kampeni basi.

Yachinayi ndi Committed, imene imalembedwa manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere. Yang'anani yoyambayo. Ngati laputopu yanu ili ndi 4GB koma nambalayo ikumakhala pa 6 kapena 7, ndiye kuti mapulogalamu anu apempha malo ochuluka kuposa amene alipo, ndipo kompyuta ikudalira ngongole ya pa disiki. Umenewo ndi umboni wamphamvu woti RAM yowonjezera ikuthandizani.

Musadabwenso mukaona laputopu ya 4GB ikunena kuti yogwiritsa ntchito ndi 3.8GB kapena kucheperapo. Sikuti wogulitsa adakuberani. Gawo lina, lolembedwa Hardware reserved, limapatulidwira mbali yojambula zithunzi pa sikirini, poti laputopu zambiri zotchipa mbali imeneyi ilibe RAM yakeyake.

Mukatha apo, pitani pa Processes n'kudina mawu akuti Memory pamwamba. Mapulogalamu onse andandalikidwa kuyambira wodya kwambiri. Nthawi zambiri wakubayo mumupeza pamwamba penipeni, ali Chrome ndi masamba ake makumi awiri.

PAMENE WOLAKWA NDI WINA

Pa Task Manager pomwepo yang'ananinso palembedwa Disk ndi CPU. Apa m'pamene milandu yambiri ya laputopu za kaunjika imathera.

Ngati RAM ili ndi malo koma Disk ikungokhala pa 100 peresenti, wolakwa ndi hadi disiki. Disiki yakale ili ndi kambale kozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kasingano kowerenga, pafupifupi ngati galamafoni ya agogo. Imachedwa mwachibadwa, ndipo ikakalamba kapena kugwedezeka pa kabaza m'misewu yathu ya mabampu imachedwa koposa. Mankhwala ake ndi SSD, disiki yopanda chozungulira chilichonse. Pa liwiro lowerenga mafayilo akuluakulu, SSD wamba imafika cha m'ma 500MB pa sekondi pamene disiki yakale imavutikira cha m'ma 100MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono kusiyanako n'kwakukulu zedi. Kunena mwachindunji, laputopu ya 8GB yokhala ndi disiki yozungulira ikufuna SSD, osati RAM. Ngakhale ya 4GB, ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, SSD ndiyo imasintha zinthu mooneka: kuyaka msanga, kutsegula Word msanga, ndipo ngakhale ngongole ija ya page file imabwezedwa mwachangu, poti nkhokwe yasendera pakhomo.

Wolakwa wina ndi kutentha. Mudabwa kumva za kutentha ku Dedza, kumene June ndi July amatipanikiza mpaka mano kuguguda. Koma kuzizira komweko n'kumene kumachititsa anthu kulowa m'bulangete ndi laputopu, n'kuikhazika pamatiresi. Timabowo topumira tili pansi ndi m'mbali timatsekeka. Kenaka fumbi la August mpaka October limadzaza mu fani. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Mukamva fani ikulira ngati chigayo, pansi pakutentha ngati mbaula, ikani laputopu patebulo kapena pathabwa, ndipo mupeze wodziwa aitsegule n'kuchotsa fumbi. RAM ya 16GB siingaziziritse purosesa.

Wachitatu ndi mavairasi. Fulashi imodzi imazungulira pamsika ponse, kuchokera kowotchera nyimbo, kupita kopulintira, kukafika kusukulu. Mapulogalamu obedwa aja timaikirana ulere nawonso amabwera ndi alendo osaitanidwa. Ena poopa vairasi amaika mapulogalamu awiri kapena atatu oteteza pa kompyuta imodzi, osadziwa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi mlonda wakewake, Microsoft Defender, ndipo kwa ambiri ameneyo ngokwanira akamalandira zatsopano pa intaneti.

Wachinayi ndi mapulogalamu odziyatsa okha kompyuta ikamayaka. Pa Task Manager pitani pa Startup n'kuzimitsa onse amene simuwafuna m'mamawa. Chrome nayo ili ndi batani lotchedwa Memory Saver, logoneka masamba amene simukuwayang'ana. Zonsezi n'zaulere. Yambani ndi zaulere.

NDANI AKUFUNADI RAM?

Zikatsimikizika kuti lichero lachepa, funso n'lakuti likule kufika pati. Apa yang'anani ntchito yanu, osati ya mnzanu.

Laputopu ya 4GB masiku ano ili pa malire. Kulemba kalata, kuonera filimu kapena kukopera nyimbo m'makhadi imatha ndithu, koma kuchita ziwiri zitatu nthawi imodzi imafooka. Kuikweza kufika pa 8GB n'kumene kumabweretsa kusintha kwakukulu pa ndalama zochepa. Mphunzitsi wolemba mayeso, mlangizi wodzaza malipoti, wophunzira wa Computer Studies wokonzekera MSCE, onsewa 8GB ndi SSD zimawakwanira bwino.

16GB ndi ya amene amadula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ojambula nyimbo mu situdiyo, ophunzira uinjiniya amene amagwiritsa AutoCAD, kapena a mapu ndi kafukufuku wa manambala ochuluka. Kwa wongolemba ndi kuwerenga, kuchoka pa 8GB kupita pa 16GB kuli ngati kugula ngolo ya ng'ombe yonyamulira dengu limodzi la tomato. RAM yosagwiritsidwa ntchito siwonjezera liwiro.

Dziwaninso kuti RAM siithamangitsa intaneti. Ngati netiweki ikuvuta kuseri kwa phiri kapena bandulo yatha, tsamba lichedwabe ngakhale mutaika RAM yodzaza dengu.

MUSANAKWERE KABAZA

Ulendo wochoka kwa Mayani kukagula kachipangizo ku Dedza boma kapena ku Lilongwe si wamasewera. Tsiku lonse limathera m'njira, ndipo thiransipoti yokha ikhoza kupikisana ndi mtengo wa chimene mukukagula. Tsono musananyamuke, fufuzani zinthu zinayi izi.

Choyamba, kodi laputopu yanu imalola kuwonjezera? Si zonse. Zambiri zopyapyala za masiku ano RAM yake adaiwotcherera pa bolodi, siichoka ndipo palibe poika ina. MacBook zonse za purosesa ya Apple, kuyambira M1 ya mu 2020, zili choncho. Tilaputopu tina totchipa ta 2GB kapena 4GB, tokongola kunja, natonso n'totero. Pa Task Manager pali mzere wolembedwa Slots used. Ikati 1 of 2, ndiye kuti pali mpata wina wopanda kanthu. Ikati 2 of 2, muyenera kuchotsa imodzi kuti muike yokulirapo. Koma mzerewu nthawi zina umanama, choncho tsimikizani polemba dzina ndi nambala ya laputopu yanu, zimene zili pa kapepala ka pansi pake, n'kufufuza pa intaneti, kapena wodziwa atsegule muone ndi maso.

Chachiwiri, ndi RAM ya mtundu wanji? Pali mibadwo, ndipo siisakanikirana. DDR3 idayamba mu 2007, DDR4 mu 2014, ndipo DDR5 idayamba kufala cha mu 2021. Ya laputopu ndi yaifupi, yotchedwa SO-DIMM, yosiyana ndi yaitali ya kompyuta ya patebulo. DDR3 ili ndi timano 204, DDR4 ili ndi 260, DDR5 ili ndi 262, ndipo kampata kake kali pamalo osiyana dala kuti musalowetse yolakwika. Mukaikakamiza muthyola bolodi. Pa kapepala komata pa RAM pamalembedwa PC3, PC3L, PC4 kapena PC5. Chilembo L chimenecho musachipeputse: PC3L imayendera mavoti 1.35 pamene PC3 wamba imafuna 1.5, ndipo laputopu zambiri za cha m'ma 2013 mpaka 2015 zimafuna ya L yokha. Jambulani kapepalako ndi foni, kapena bwino koposa, nyamulani laputopu yomweyo.

Chachitatu, kodi malire ake ndi otani? Laputopu iliyonse ili ndi kukula kumene siingapitirire. Zina zakale zimathera pa 8GB, zina pa 16GB. Kugula yoposa apo n'kugulira mwana nsapato za bambo ake.

Chachinayi, Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit? Onani pa Settings, System, About, pa mzere wa System type. Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yoposa 4GB, ndipo kawirikawiri imaona 3GB ndi kanthu basi. Alipo anthu akuyenda ndi laputopu za 8GB zimene theka lake likungogona chifukwa amene adawaikira Windows adatola disiki yolakwika. Oterewa sakufunika kugula kanthu. Akungofunika kusunga mafayilo awo pena n'kuikitsa ya 64-bit.

MTENGO WAKE WAKWERA MUTU

Pali chifukwa china chodekhera: RAM yadula. Kuno sitipanga ngakhale kamano kamodzi ka RAM. Pafupifupi 90 mwa 100 iliyonse padziko lapansi imachokera ku makampani atatu okha: Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku America. Yonse imagulidwa ndi madola, ndipo nkhani ya madola tonse tikuidziwa. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Amalonda ambiri madolawo kubanki sawapeza n'komwe, ndipo mtengo wa kumsika wakuda amautsitsira kwa inu ndi ine.

Ngati zimenezo sizikukwanira, m'chaka cha 2025 kudabwera chilombo china. Makampani akuluakulu opanga nzeru za makina, zija akuti AI, adayamba kugula RAM ngati mavenda pa nthawi yokolola. Opanga aja adatembenuzira mafakitale awo kumene kuli phindu lochuluka, n'kuyambanso kuchepetsa kupanga DDR4. Pofika kumapeto kwa chakacho mitengo ya RAM ya anthu wamba idali itawirikiza kawiri, ina kuposa. Mu December 2025 Micron idalengeza kuti ikusiya malonda ake a Crucial, dzina limene anthu ambiri ankagulira RAM ndi SSD. Njovu zikamalimbirana msipu ku America ndi ku Korea, udzu wopondedwa umapezeka mpaka kuno kwa Tambala.

Koma pali kachitonthozo. RAM ilibe chozungulira ndipo siitha msanga. Yochotsa mu laputopu yakufa sikirini kapena bolodi imagwira ntchito bwinobwino, ndipo okonza makompyuta amakhala nazo, makamaka za DDR3. Bola iyezedwe.

NG'OMA IDALIRA KALE

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chidaimba kwa zaka. Pa 14 October 2025 Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Laputopu yanu siizima chifukwa cha zimenezo, koma mipata yolowera akuba ndi mavairasi ikamapezeka, pamakhala palibenso wotseka, kupatula kwa amene adalembetsa chithandizo chowonjezera cha kanthawi. Kwa munthu wolowa ku akaunti ya kubanki pa laputopu, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Windows 11 nayo ili ndi tsankho. Kuwonjezera pa RAM ya 4GB ndi disiki ya 64GB, imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa cha m'ma 2017 ndi 2018. Onani nambala ya purosesa yanu: i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, i5-3320M ndi ya m'badwo wa 3. Laputopu zambiri za kaunjika zili kunja kwa mpanda umenewu, ndipo RAM yochuluka bwanji siingazilowetse pachipata.

Tsono muwerengere bwino. Kuthira ndalama zambiri pa laputopu ya zaka khumi ndi ziwiri, ya batire lakufa ndi kiyibodi yosowa mabatani, kuli ngati kuveka matayala atsopano njinga yothyoka felemu. Mwina n'kwanzeru kusunga ndalamazo, kudikira zokolola zina, n'kugula yatsopanoko. Koma ngati ili yolimba, njira ina ilipo. Linux Mint ndi yaulere, imayenda ndi RAM ya 2GB ngakhale eni ake amalimbikitsa 4GB, ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera. Imafuna kuizolowera pang'ono, komanso mapulogalamu ena a Windows sayendamo, choncho funsani kaye ngati ntchito yanu ingatheke.

MUKAFIKA KWA MMISIRI

Amisiri okhulupirika alipo ambiri, koma m'gulu simulephera kukhala nankafumbwe. Musanapereke laputopu, jambulani ndi foni zimene Task Manager ikuonetsa: kukula kwa RAM, liwiro lake ndi dzina la disiki. Mukailandira, yerekezani. Ngati n'kotheka, aike RAM mukuona, poti ntchitoyo pa laputopu zambiri ndi ya mphindi zochepa. Yakale imene achotsa ndi yanu, muitenge, ikhoza kugulitsidwa kapena kuthandiza m'bale.

Musachoke pashopu musanaiyatse n'kuona kuti nambala yakweradi. Kenaka lembani mdsched pa malo ofufuzira a Windows. Kompyuta izima n'kuyakanso, n'kuyeza RAM yonse ngati ili ndi chilema. RAM yodwala imabweretsa sikirini ya buluu ndi kuzima kwadzidzidzi, ndipo ndi bwino kuzidziwa muli pakhomo pa wogulitsa kusiyana n'kuzidziwa mutafika kale kumudzi. Pemphani lisiti ndi masiku obwezera zikavuta. Ngati pali mipata iwiri, RAM ziwiri zofanana, monga 4GB ndi 4GB, zimayenda bwinoko kuposa imodzi ya 8GB, chifukwa zimasenzerana katundu. Zikasiyana liwiro, zonse zimayendera liwiro la yochedwayo.

Wofuna kuika yekha azimitse laputopu, azule chaja, achotse batire ngati limachoka, ndipo agwire kaye chitsulo kuti mphamvu ya magetsi ya m'thupi ichoke. Nyengo yozizira ndi youma ya kuno, majuzi athu aja amathetheka, ndipo kamoto kosaoneka komweko kakhoza kupha RAM yatsopano. Igwireni m'mbali, osakhudza timano ta golide, ilowetseni mopendeka n'kuitsindikiza pansi mpaka timanja tiwiri titagwira.

Abale, ndalama ya kachewere imabwera ndi thukuta la kudimba ndi ngongole ya feteleza. Wina akadzakuuzani kuti onjezerani RAM, muthokozeni, kenaka mudine Ctrl, Shift ndi Esc. Available ikakhala yochepa tsiku ndi tsiku ndipo mpata woika ulipo, gulani mosakayika. Disk ikakhala pa 100 peresenti, gulani SSD. Fani ikamalira, chotsani fumbi. Zonse zikakhala bwino koma masamba otsegula ali makumi atatu, tsekani masambawo, ndalamayo mugulire ana makope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.